Motoka ikukana kulira ndikangodzaza thanki, akuti ndichotse kanisita

Taxi_ya_Mwami
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Corolla yanga ya NZE121, imene ndimanyamulira anthu pakati pa tauni ya Chipata ndi boda ya Mwami, yayamba khalidwe lachilendo. M'mawa imalira kamodzi kokha. Tsiku lonse ndizima, ndiliza, palibe vuto. Koma ndikangothira petulo, makamaka ndikadzaza thanki, basi yakana. Sitata imazungulira nthawi yaitali mpaka ndiponde mafuta pansi, kenako imadzuka monjenjemera, fungo la petulo lili guu, anzanga a pamzere akuliza mahutala. Ikayenda pang'ono imakhalanso bwinobwino. Nyali ya check engine inayaka, pa kompyuta panatuluka P0171. Mapulagi tasintha, pampu ya petulo tasintha. Tsopano wokonza wina akuti tichotse kachitini kakuda kamene kali ndi timapaipi, akuti kuno ku Africa kalibe ntchito. Ndivomere?

KapataSpanner
Musachotse kaye. Pampu yakale ili kuti?

Taxi_ya_Mwami
Ili mu buti, akulu.

KapataSpanner
Isungeni bwino. Ndikukayika ngati inali ndi mlandu.

Mwana_wa_Mchini
Petulo wamadzi ameneyo. Sinthani pothirira basi.

Taxi_ya_Mwami
Ndasinthasintha, a Mchini. M'tauni muno, ku Katete, kulikonse khalidwe ndi lomweli. Nanga madzi angadikire kuti ndithire kaye, avute mphindi ziwiri, kenako n'kusiya okha?

KapataSpanner
Funso lanu lomalizali ndiye lagwira nkhani. Chinthu chovuta pa siteshoni pokha, n'kuleka mukangochokapo, sichikhala pulagi. Lekani ndikufotokozereni mmene zinthuzi zinalumikizidwira, kuti mukabwerera ku galaja muzikambirana nawo, osangouzidwa.

Petulo sakhala phee mu thanki. Amatulutsa nthunzi nthawi zonse, ndipo kukatentha amatulutsa yambiri. Amene anaonapo chigubu cha petulo chitafufuma padzuwa akudziwa. Opanga mamotoka anaika paipi yochokera pamwamba pa thanki kupita mu kachitini kakuda kamene mukunenako, kanisita. M'kati mwake muli makala okonzedwa mwapadera, timibulu ting'onoting'ono, amene amagwira nthunzi ija. Kuchokera pa kanisita pali paipi ina yopita ku manifold, njira imene mpweya umadzera polowa mu injini, ndipo pakati pake pali valavu yamagetsi. Ambiri timati purge valve, m'mabuku a Toyota amalemba VSV. Pa injini ya 1NZ ngati yanuyo muipeza pafupi ndi bokosi la air cleaner, ili ndi timapaipi tiwiri ndi pulagi ya mawaya awiri.

Valavu imeneyi ikakhala yopanda magetsi iyenera kukhala yotseka. Kompyuta ya motoka ndiyo imaitsegula pang'onopang'ono injini ikatentha, injini n'kuyamwa nthunzi ija n'kuiotcha pamodzi ndi petulo winayo. Kanisita ilinso ndi khomo lachitatu lolowera mpweya wakunja, woti ukokolole makala aja akonzekere kugwira nthunzi ina.

Tsopano valavu ikakanirira yotseguka, njira yochokera ku thanki kukafika mu injini imakhala yosatseka usana ndi usiku. Mukamathira, petulo watsopano amavundula wakale wotentha uja, nthunzi ina imatulukira pothirira pomwepo, ina imayenda m'paipi mpaka kudzaza manifold. Mukaliza, injini imapeza nthunzi yambiri, mpweya wochepa, yatsamwa. N'chifukwa chake imadzuka mukaponda mafuta pansi, mumakhala mwaitsegulira mpweya.

Mwana_wa_Mchini
Koma P0171 imanena kuti petulo akuchepa, osati kuchuluka. Ndiye zikugwirizana bwanji ndi kutsamwa?

AutoElec_Petauke
Zikugwirizana, mphwanga. Pa siteshoni paipi ija imabweretsa nthunzi, injini n'kutsamwa. Koma motoka ikayenda, nthunzi ikatha, paipi yomweyo imayamba kubweretsa mpweya weniweni umene sunadutse pa MAF sensor, kachipangizo koyeza mpweya wolowa mu injini. Kompyuta sinauwerenge, ndiye petulo amene ikupereka amachepa. Oxygen sensor ya mu ekizozi imaona, kompyuta ionjeza, ionjeza, mpaka kufika pamalire, nyali n'kuyaka ndi P0171.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti anthu amalipira kompyuta kuti ingowerenga code n'kufufuta. A Taxi, mukabwereranso kumeneko muwauze akuonetseni live data, mizere iwiri yolembedwa short term ndi long term fuel trim, yoonetsa petulo amene kompyuta ikuonjeza kapena kuchotsa. Muphatikize manambala awiriwo. Injini yabwino imasewera pafupi ndi 0, yosapitirira 10 peresenti uku kapena uku. Ngati pa silo, injini ikungolira osaponda mafuta, nambala ili pamwamba koma ikutsika mukakweza injini kufika 2,500 rpm, pali mpweya wolowera pambali. Ngati pa silo ili bwino koma ikukwera mukaponda, pamenepo ndiye ganizirani MAF yakuda, fyuluta ya petulo kapena pampu. Kuyeza kumeneku n'kwa mphindi zochepa, ndipo kukanakuuzani za pampu musanatulutse ndalama.

Ndisakanikize valavu yokha. Pa 1NZ ndi 1ZZ code imeneyi imabweranso chifukwa cha MAF yafumbi, gasiketi ya manifold youma, kapena paipi yaikulu ya mpweya yong'ambikira kunsi kumene diso silifika. Koma zitatuzi sizidziwa kuti mwaima pa siteshoni.

KapataSpanner
Ndipo ngati ndalama ya kompyuta palibe, chala chilipo. M'mawa injini isanatenthe, ilizeni. Zulani pulagi ya mawaya pa valavu. Vulani paipi ya mbali ya kanisita, ya ku manifold muisiye. Ikani chala pakamwa pa valavu. Chikamayamwidwa, ngakhale pang'ono, valavu ikudutsa. Yabwino simumva kanthu. Kenako zimitsani, muichotse yonse, muuziremo mpweya, usadutse. Mukaipatsa 12V kuchokera ku batire iyenera kumveka kuti tcha, mpweya n'kuyamba kudutsa. Izi za batire muchitire pambali, kutali ndi mapaipi otsegula aja, chifukwa mawaya amathetheka. Amene ali ndi multimeter, koyilo ya mavalavu ambiri a Toyota imakhala pakati pa ma ohm 20 ndi 35. Koma musakhutire ndi nambala imeneyo. Koyilo ikhoza kukhala yamoyo pamene m'kati mwakanirira.

DataBundle_Kalongwezi
Akulu nonse, bwanji mukuyambira patali? Pa YouTube aliyense akuti nkhani ya EVAP, dongosolo logwira nthunzi ya petuloli, yambani ndi fuel cap. P0455, P0442, P0456, onse akuti chotsekera. Gulani chatsopano, fufutani code, nkhani yatha.

AutoElec_Petauke
Mavidiyo amenewo sakunama, koma akunena mamotoka a ku America. Kumeneko kuyambira 1996 lamulo la OBD-II linabweretsa zoti motoka izidziyeza yokha ngati nthunzi ikuthawa. Anaika sensor yoyeza mphamvu ya mpweya mu thanki, ndi valavu ina yotsekera khomo lachitatu la kanisita. Kompyuta imatseka zonse, n'kuona ngati mpweya ukukhala kapena ukuthawa. P0455 ndi bowo lalikulu, monga chotsekera choiwalika. P0442 ndi bowo la pafupifupi milimita imodzi. P0456 ndi la theka la milimita. Imadziyeza pokhapokha petulo akakhala pakatikati, osati thanki yodzaza kapena yotsala pang'ono kuuma. Ma Toyota ena a kumeneko amachita kudzuka okha patapita maola pafupifupi asanu chizimitsireni, kapampu kakang'ono n'kumalira kunsi usiku.

Tsopano yang'anani pa renki ya Kapata. Ma Corolla, ma Vitz, ma Spacio, ma Noah, pafupifupi onse anapangidwira msika wa ku Japan, ndipo ambiri a iwo alibe zodziyezera zimenezo. Kanisita ilipo, purge valve ilipo, koma mukhoza kuyenda chotsekera chili chomasuka nyali osayaka. Ochokera ku UK ndi ku South Africa nawo ambiri ali chimodzimodzi, amangodziwa za valavu yokha, P0441 kapena P0443. Ndiye kuno vuto la nthunzi silidzitchula dzina kawirikawiri. Limabwera ngati fungo, ngati silo yonjenjemera, ngati P0171 kapena P0172, ndipo anthu amathamangira mapulagi ndi ma injector.

Chotsekera muchione ndithu, labala yake ikang'aluka fungo limatuluka. Koma chotsekera sichingatsamwitse injini.

DataBundle_Kalongwezi
Chabwino. Koma ELM327 yanga ya Bluetooth, yowerengera ma code, ikukana kulumikizana ndi Spacio ya amalume. Yafa?

AutoElec_Petauke
Sinafe. Mamotoka ena akale a ku Japan ali ndi soketi yofanana koma salankhula ndi timakina totchipa timeneto. Iyeseni pa motoka ina muone.

Mai_wa_Vitz
Pepani ndilowerereko. Yanga imalira bwino, koma ndikatsegula chotsekera imati psiii. Mnyamata wa pa pampu anandiopseza kuti tsiku lina idzaphulika. Ndi matenda omwewa?

KapataSpanner
Amai, kaphokoso kakafupi masana otentha si matenda. Makanisita ambiri ali ndi timavalavu tosunga mpweya pang'ono mu thanki tisanaulole kudutsa. Chofunika n'kudziwa ngati mpweyawo ukutuluka kapena ukulowa, ndiponso kwa nthawi yotalika bwanji. Tsegulani pang'onopang'ono. Ukamatuluka mumva fungo ndi kamphepo kofunda padzanja. Ukamalowa fungo silimveka kwenikweni, ndipo nthawi zina thanki imamveka kuti bu kunsi pamene ikubwerera m'malo. Chachiwirichi ndiye choopsa chikakhala champhamvu.

Mphunzitsi_wa_ku_Chadiza
Chachiwiricho ndi chimene chinandigwera ine. Msewu wathu mukuudziwa, chilimwe fumbi, dzinja matope. Khomo lolowera mpweya pa kanisita linatsekeka ndi dothi louma gwa, ndipo valavu nayo inali ikudutsa. Ndiye injini inkayamwa thanki yeniyeniyo. Motoka inkayenda bwino poyamba, kenako pa mtunda n'kuyamba kufooka, kuzima. Ndikatsegula chotsekera imapuma mwamphamvu n'kuliranso ngati palibe chachitika. Titatsitsa thanki tinapeza pansi pake patalowa m'kati monga katoni ya maheu imene mwana waiyamwa mpaka kumapeto. Geji nayo inali itayamba kunama chifukwa kadzanja ka float kankagunda pamene panapindikapo. Amene mumayenda misewu ya Vubwi, Chadiza ndi kumidzi ya ku Lundazi, muziuza okonza aziona kapaipi kameneka pa sevisi. Mavu omanga ndi dothi nawo amakonda timabowo totere motoka ikakhalitsa osayenda.

Mai_wa_Vitz
Zikomo aphunzitsi, zikomo a Spanner. Yanga ukutuluka, ndipo ndi kamphindi chabe. Ndigona tulo.

KapataSpanner
A Taxi, funso lina. Pampu ya pa siteshoni ikadumpha yokha, mumasiyira pomwepo kapena mumauza mnyamata aonjeze?

Taxi_ya_Mwami
Timadzaza mpaka aoneke pakhosi. Ndiye muyezo wathu umenewo. Mwini motoka akakupatsa ili pakhosi, umaibweza ili pakhosi, palibe kukangana. Geji sungaikhulupirire.

KapataSpanner
Apo ndiye pali gwero. Thanki inapangidwa kuti pamwamba pazitsala malo a mpweya, ndipo pampu imadumpha malowo asanadzaze. Mukamaonjeza ndi kugwedeza, mukudzaza malo amenewo, ndipo paipi imene inayenera kunyamula nthunzi imayamba kunyamula petulo wamadzi. Kumbukiraninso kuti petulo amachokera pansi pa nthaka ali wozizirirapo. Akatentha amafufuma pafupifupi 1 peresenti pa madigiri 10 alionse. Thanki ya Corolla yanu ndi ya malita 50, ndiye ndi theka la lita limene likusowa kopita. Mwezi wa October, motoka itaima padzuwa pa boda kudikira anthu, mukuganiza kuti limapita kuti? Makala aja akamizidwa amasiya kugwira nthunzi, m'kupita kwa nthawi amaphwanyika, timibulu n'kuyenda m'paipi kukakhala pakamwa pa valavu kuti isatseke.

WaPaPampu
Zikomo akulu ponena zimenezi pagulu, chifukwa ife tikanena amati ndi ulesi. Munthu amabwera, pampu idumpha, iye amatuluka n'kuyamba kugwedeza motoka ndi matako, wina amachita kukwezera tayala limodzi pa njerwa kuti ilowe yambiri. Ukakana amakuitanira manijala. Madzulo a tsiku limene kwamveka kuti ERB, bungwe loona za mitengo ya mafuta, ikweza mitengo ndiye usanene, aliyense akufuna mpaka atayikire pansi.

Mwana_wa_Mchini
Inunso a pa pampu mumakonda kukwanitsa nambala kuti musavutike ndi chenji.

WaPaPampu
Chenji ya chiyani, anthu onse akulipira pa foni masiku ano?

WakuMchinji
Inu mukukangana za kudzaza, ife kuno petulo akasowa timagona pamzere. Tsiku limene wafika pa pampu ungauze munthu kuti asiyire pamene yadumpha? Ena amachita kuwoloka kubwera kwanu komweko kudzamwetsa galimoto.

Taxi_ya_Mwami
Timakuonani achimwene, mumatitalikitsira mizere. Koma ndinu makasitomala athu, sitidandaula.

WakuMchinji
Ndiye mutichepetsereko mtengo wa pa boda kufika m'tauni.

Mbuya_waku_Kitwe
Ine ndikuona kuti nonse mwaphonya. Motoka ya ku Chipata ikamanunkha petulo, choyamba yang'anani mbewa. Zimathawa m'munda kuopa kudyedwa, n'kubisala mu boneti, n'kumabwezera pa mapaipi.

Mwana_wa_Mchini
Ambuya, zolowa mu boneti ndi makoswe, ndipo sitidya. Inu samalani anyani anu asakuthereni ma wiper.

Mlimi_wa_ku_Sinda
Sekani, koma ambuyawo alasa. Nyengo yokolola ndinkanyamula chimanga ndi nshawa mu Noah, usiku n'kuimika pafupi ndi nkhokwe. Fungo la petulo linayamba kumveka kumbuyo, pansi osaoneka dontho. Makoswe anali atatafuna kapaipi ka nthunzi pamwamba pa thanki. Nyali sinayake n'komwe. Tinachipeza ndi mphuno ndi tochi.

Admin_Kum'mawa
Chimbuya chikhale cha Loweruka. Funso la a Taxi lija silinayankhidwe bwino: achotse kapena asachotse?

Mdala_wa_504
Achotse. Ine ndayendetsa Peugeot 504 ndi Land Rover msewu wa Great East uno usanakonzedwe, kutsika ku Luangwa Bridge dzuwa lili pamutu, kukwera mapiri a ku Nyimba, kopanda kachitini kalikonse. Thanki inkapumira pa chotsekera kapena pa kapaipi kolozera pansi, basi. Zinthu zimenezi anaikira malamulo a kwawo. Pa fitness palibe amene anandifunsapo za makala. Chinthu chimene kulibe sichingaonongeke.

AutoElec_Petauke
Amdala, ulemu wanu. Zoona, zinayamba ndi malamulo a ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, pofuna kuchepetsa utsi wa m'mizinda. Koma 504 yanu inapangidwa kuti izipuma choncho, chotsekera chake chinali chopumira. Corolla ya a Taxi chotsekera chake n'chomata, njira yotulukira mpweya ndi kanisita yomweyo. Ndaona njira zitatu zimene anyamata amachotsera, ndipo iliyonse ili ndi mavuto ake. Wina amatseka mapaipi onse ndi mabawuti, thanki n'kumafufuma masana, fungo n'kumatulukira paliponse pamene labala yatopa. Wina amasiya paipi ya ku thanki ili pululu mu boneti, nthunzi ya petulo n'kumatuluka pafupi ndi ekizozi ndi mawaya, fumbi nalo n'kumalowa. Wina amaiwala kutseka mbali ya manifold, P0171 ija n'kukhazikika mpaka kalekale.

Komanso nthunzi imeneyo ndi petulo amene munagula. Kanisita imamubweza mu injini. Ndipo mu nthunziyo muli benzene, amene amadziwika kuti amayambitsa khansa ya m'magazi. Munthu wa taxi amakhala m'motoka kuyambira m'bandakucha mpaka usiku, si wongodutsa.

Mdala_wa_504
Ife tinkayamwa petulo ndi pakamwa pa hosipaipi, tilipo mpaka lero.

Mai_wa_Vitz
Mulipo inu amdala. Anzanu onse a nthawi imeneyo alipo?

Mdala_wa_504
Amai, mwandigwira pakhosi. Koma mfundo yanga ikhalabe: kumudzi kulibe sipeya, munthu sangaimike motoka chifukwa cha makala.

KapataSpanner
Pamenepo ndikuvomerezani theka. Ngati muli kutali, valavu yakanirira, vulani paipi ya pakati pa valavu ndi manifold, mutseke mbali ya manifold bwinobwino. Kanisita ndi mapaipi a ku thanki musakhudze, thanki izipumabe mmene imapumira. Motoka idzalira bwino, mudzafika. Koma makala sakukokololedwanso, ndiye akadzaza fungo liyamba. Ndi njira yofikira kumene kuli sipeya, si kukonza.

Taxi_ya_Mwami
Ndabwera ndi lipoti. Ndachita za chala zija m'mawa. Chikuyamwidwa zolimba, pulagi ili yozula. Nditachotsa valavu n'kuigogoda padzanja mwatuluka timibulu takuda. Kanisita tatsitsa, ikulemera, ndipo titaipendeketsa mwatuluka petulo. Valavu ina ndapeza kwa ogulitsa zophwasula. Ndiike basi?

KapataSpanner
Musaike kaye! Mukaika pa kanisita yomweyo, timibulu tina tibwera kudzaipha nayonso. Makala akayamba kutuluka ndiye kuti kansalu kowatchinga m'kati kang'ambika, kanisita imeneyo yatha. Pezani ina. Paipi ya pakati pa kanisita ndi valavu muivule mbali zonse ziwiri, muipemerere ndi kompresa mpaka musatulukenso kanthu. Ndikubwereza, mbali zonse ziwiri zikhale zovula. Kompresa isalowe mu thanki kapena mu kanisita. Valavu mwagulayo muiyesenso ndi pakamwa ndi batire musanalipire, zophwasula zina zinafa kale.

Mwana_wa_Mchini
Bwanji osangoiyanika padzuwa, kapena kuidula n'kuthiramo makala a pa mbaula osinja?

AutoElec_Petauke
Makala a pa mbaula sagwira nthunzi mokwanira, ndipo fumbi lake lingathere mu injini. Aja a mu kanisita anawakonza kuti kambulu kalikonse kakhale ndi timabowo tosaoneka tambirimbiri. Zoyanika zimathandizako ngati yangonyowa koma makala ali osaphwanyika: muisiye pamthunzi podutsa mphepo, makomo onse ali otsegula, kutali ndi khitchini ndi ana. Osati pafupi ndi moto kuti iume msanga. Ya a Taxi yapitirira pamenepo.

Posankha ina kwa ophwasula, inyamuleni muyerekeze kulemera, yolemera kwambiri yamwa kale. Igwedezeni pakhutu, isamachite phokoso la timiyala tomasuka. Ipendeketseni pa pepala loyera muone ngati mukugwa zakuda. Ndipo muwerenge makomo ake, afanane ndi yanu, chifukwa ma Corolla a zaka zosiyana sanaikidwe kanisita imodzi.

DataBundle_Kalongwezi
Nanga za utsi zija? Ndinaona wina akupanga makina a utsi ndi botolo, kansalu ndi baby oil. Wina amangouzira utsi wa fodya m'paipi.

AutoElec_Petauke
Fodya woyaka pakamwa pa paipi yochokera ku thanki ya petulo? Ameneyo musaime naye pafupi. Makina enieni a utsi amakankha ndi mphamvu yochepa kwambiri, yosafika 1 psi, chifukwa dongosolo lonseli silinapangidwire mphamvu yoposa pamenepo. Amathandiza kupeza bowo losaoneka, utsi umatulukira pa labala ya chotsekera, pa paipi yothirira yadzimbiri, kapena pa gasiketi ya pampu pansi pa mpando wakumbuyo. A Taxi, malo omalizawa muwaone, popeza pampu inasinthidwa posachedwa. Gasiketi imeneyo ikakhala molakwika, fungo limadzaza m'kati thanki ikadzaza, ngakhale valavu ndi kanisita zili zatsopano. Botolo lopanga nokha mungayesere mbali ya manifold, injini ili yozizira. Ku thanki ayi.

Hilux_ya_Mfuwe
Kuno kuchigwa kutentha kumafika madigiri 40, koma D-4D yanga sindinaonemo kachitini kameneka. Anachotsa amene anandigulitsa?

KapataSpanner
Sanachotse, ya dizilo sikhala nako. Dizilo satulutsa nthunzi yambiri ngati petulo, thanki yake imangokhala ndi kopumira. Koma kopumirako nako kamatsekeka ndi matope, muzikaona.

Taxi_ya_Mwami
Kanisita ndapeza, paipi tapemerera, munatuluka zakuda zambiri. Gasiketi ya pampu inali bwino. Ndathira mpaka pampu kudumpha, yalira kamodzi. Chatsala ndi kukambirana ndi eni motoka za muyezo watsopano, chifukwa iwo amakhulupirira za pakhosi zomwezo.

WaPaPampu
Muwauze muyezo ukhale kudumpha koyamba, pampu yomweyo, nozo italowa yonse. Zimasiyana pang'ono chabe. Kapena muzisunga malisiti.

AutoElec_Petauke
Mufufutitse code, muyende masiku angapo, kenako muonenso long term fuel trim pa silo. Ikakhala idakali pamwamba pa 10, MAF ndi gasiketi ya manifold zija zikudikirani.

Polo_ya_Aunt
Ndawerenga zonse mwakachetechete. Polo Vivo yanga yochokera ku South Africa ikuchita zofanana ndendende pa siteshoni, koma code yake ndi P0441. Ya VW nayo ili ndi VSV?

AutoElec_Petauke
Ili nayo, asisi, koma a VW amaitcha N80. Tsatirani kapaipi kochokera ku manifold kupita ku kanisita, muipeza panjira ndi pulagi yake ya mawaya awiri. Kayezedwe ndi komweko, chala ndi kuuzira. Pogula ina muonetsetse nambala ya pa thupi lake, ndipo poika muyang'ane kamuvi kolembedwapo. Kaloze kumene kuli injini.

Polo_ya_Aunt
Kamuvi ndakaona. Mapaipi ake ali ndi timakilipi tolimba, ndikoka ndi pulayala?

KapataSpanner
Finyani kilipi ndi pulayala, muisunthire kumbuyo, kenako mupotoze paipi ndi dzanja isanatuluke. Mukakoka mowongoka pulasitiki ya valavu imathyoka, ndipo chidutswa chimatsalira m'paipi.